Kakhadi Kachiwiri

Munthu amene anabukitsa nthawi ya teni koloko m'mawa Loweruka lija anangolemba kuti T.K., basi. Sindinadabwe. Azimayi ambiri amene amabwera kwa ine amabisa mayina, ena amaimika galimoto kutali n'kufika wapansi ngati akupita kwa sing'anga. Chimene ndinayenera kuchiona ndi nambala ya foni, yoyamba ndi 574, ya ku South Bend. Koma mutu wanga unali pa za chinkhoswe, sindinaiyang'ane kawiri.

Ine ndine Upile. Kuchipatala kumene ndimagwira ntchito ya unamwino masiku atatu pa sabata amandidziwa choncho, kutchalitchi amandidziwa choncho, ndipo Amalawi a kuno ku Indianapolis akafuna wojambula pa ukwati kapena pa ubatizo wa mwana amaimbira Upile. Koma m'kachipinda kena ku Lawrence, pamwamba pa nyumba yakale ya njerwa pafupi ndi pamene panali kampu ya asilikali, ndimakhala Tiffany. Tiffany amajambula zimene azungu amati boudoir, zithunzi za kuchipinda: mzimayi atavala zamkati kapena atangofunda nsalu, zoti akapatse mwamuna wake kapena asunge yekha. Si zolaula. Mawu amenewa ndawanena mpaka lilime linatopa, koma yesani kuwalemba pa gulu la WhatsApp la azimayi a kwathu. Nkhani ikamafika ku Zomba ndidzakhala nditatsegula nyumba ya mahule ku Amereka.

Kenan, chibwenzi changa, ankadziwa zonse. Iye ndi amene anandinyamulira bedi kukwera nalo masitepe. Anangondipempha chinthu chimodzi: "Ine ndilibe nazo vuto, koma amayi aakulu asamve mpaka tidutse chinkhoswe."

Amayi aakuluwo ndi a Theresa Kamwendo a ku South Bend, akulu awo a amayi ake a Kenan. Amayi ake omubereka ali ku Ntcheu, viza anawakaniza kawiri, ndiye chilichonse chokhudza Kenan kuno chimadutsa m'manja mwa a Theresa. Akati inde, ku Ntcheu amati inde. Akati ayi, zathera pomwepo. Yohane, msuweni wa Kenan, anali atagula kale suti pamene a Theresa anaona kavidiyo ka chibwenzi chake chikuvina m'kalabu ku Chicago. Anaimba foni imodzi yokha kumudzi, ndipo suti ija Yohane amavala pa maliro mpaka lero. Chinkhoswe chathu chinali chitatsala masabata atatu, kwawo komweko ku South Bend.

Nditatsegula chitseko Loweruka lija, mawondo anga anaganiza msanga kuposa mutu. Ndinapezeka nditagwada pakhomo, kamera ikulendewera m'khosi.

"Mwadzuka bwanji, a Tiffany?" anatero a Theresa.

Anavala chijasi chotuwa ndi duku, chikwama cham'manja atachifumbatira pachifuwa, dzanja linalo atanyamula kasutikesi.

"Ndadzuka bwino, kaya inu amayi?"

"Dzukani, pansi pakuzizira. Kapena makasitomala onse mumawagwadira?"

Analowa n'kuyamba kuyang'ana paliponse, osafulumira. Bedi la nsalu zoyera pansi pa zenera lalikulu, mpando wautali wofewa, galasi, hita, kachipinda kosinthira zovala. Zinthu zimene ndinkazinyadira tsiku lililonse zinayamba kuoneka za manyazi, makamaka bedi.

"Mwandidziwa bwanji, amayi?"

Analoza ndi milomo chitenje cha nkhanga chimene ndinayala pa mpando uja. "Nsalu imeneyo ndinagula ndekha ku Limbe, ndinakupatsani pa Khirisimasi. Ili pa webusayiti yanu, chithunzi chachitatu. Mzungu Tiffany angaitenge kuti?"

Ndinabisa nkhope, ndinabisa dzina, ndinagula nambala ina ya foni, n'kuiwala chitenje. Ndinadzikwiyira kwambiri moti ndikanatha kudzimenya khofi.

"Amayi, ngati mwabwera kudzaona, onani, ndikufotokozerani zonse. Palibe choipa chimene chimachitika muno."

"Ine ndabukitsa. Kapena Amalawi simuwajambula?"

Galu wamkota sakandira pachabe. Mzimayi wa zaka 56, mtsogoleri wa amayi kutchalitchi, amene amabweza atsikana pakhomo chifukwa cha siketi yolekeza m'mawondo, sangayendetse galimoto maola awiri ndi theka pa US-31, kudutsa Kokomo, chisanu chisanathe, kuti adzajambulitse atavala zamkati. Anabwera kudzatola umboni, ndinali nditaona kale mmene nkhani yake ikafikire ku Ntcheu.

Ndipo mafunso awo anali a wapolisi.

"Amuna amalowa muno?"

"Ayi, amayi."

"Ngakhale Kenan?"

"Pakakhala kasitomala, ngakhale Kenan."

"Ndiye kuti akudziwa."

Ndinaluma lilime. Funso lachiwiri lokha, ndamugulitsa kale mwamuna wanga.

"Pamwamba apo pali kamera?" Analoza kachipangizo ka utsi padenga.

"Ndi alamu ya moto."

"Nanga zithunzi zimapita kuti mukajambula?"

Pamenepo ndinayamba kunena malamulo anga ngati mmene ndimanenera kwa aliyense, chifukwa munthu ukasowa pogwira umagwira ntchito yako. Chitseko chimakiyidwa m'kati, kiyi amasunga kasitomala. Mafoni athu tonse awiri amalowa m'kabasiketi pakhomo. Sindimugwira munthu ndisanapemphe, ndikafuna kuti akhale mwakuti ndimayamba ine kuchita, iye n'kutsanzira. Akati basi, kamera imapita pansi, ngakhale pakati pa chithunzi. Ndipo lamulo lalikulu, limene linandipatsa dzina labwino pakati pa azimayi a mzinda uno: kakhadi kosungira zithunzi ndi kamodzi, katsopano, kasitomala amakamatula yekha m'paketi, n'kuona ndikukalowetsa m'kamera. Tikatha timasankha limodzi, ndimasindikiza pomwepo, ndimafufuta zonse m'kompyuta iye akuona, kakhadi amapita nako. Kwa ine sikutsala kanthu.

Anamvetsera mutu uli pansi. Kiyi analandira, anakiya okha, anayesa chitseko kawiri. Koma pa foni anazengereza. Anaitulutsa m'chikwama, anaiyang'ana, anadinadina kenakake, kenako n'kuiika m'kabasiketi chafufumimba. Mumtima ndinati, ehe, ayatsa rekoda.

"A Edmond akudziwa kuti muli kuno?" ndinafunsa. A Edmond ndi amuna awo, munthu wofatsa, mkulu wa mpingo.

"Ndawauza kuti ndabwera kudzagula ufa ndi usipa ku shopu ya kuno ku West Side. Ndigula ndithu pobwerera, ndisakhale wabodza."

Anamatula kakhadi, ndinakalowetsa iwo akuona, ndipo analowa m'kachipinda kosinthira ndi kasutikesi kawo.

Kamera yanga ili ndi malo a makhadi awiri. Pa ukwati ndimaika onse, kuti lina likaonongeka zithunzi zisatayike, chifukwa chithunzi chilichonse chimalembedwa monse muwiri. M'chipinda chino malo achiwiri sanalowemo kanthu chiyambire. Ndinaima pamenepo ndikumva zipi ya sutikesi kuseri kwa katani, ndikuganiza za suti ya Yohane, za Kenan, za zaka zinayi zimene ndamudikira, za amayi anga amene anasoketsa kale diresi ku Zomba. Ndinaganiza kuti mayi uyu akhala pa mpando atavala bwinobwino, andilola ndinene mawu onse a ntchito yanga, foni ikujambula, kenako anyamuka. Koma akangovula ngakhale phewa limodzi kuti msampha wake uoneke weniweni, phewa limenelo likhala langa. Akapita ku Ntcheu ndi nkhani yanga, ine ndipita ndi chithunzi chawo. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka.

Ndinatsegula kabati, ndinatenga kakhadi ka ku maukwati, ndinakalowetsa. Ndinadzimva wochenjera.

Anatuluka atavala bulauzi yoyera ya mabatani mpaka m'khosi ndi chitenje chobiriwira, n'kukhala pa mpando mawondo ali pamodzi, manja pa mawondo, maso ali tong'o pa kamera.

"Amayi, apa tikujambula pasipoti?"

"Mmene ndimakhalira ndi mmenemu."

Aliyense amayamba choncho, ndipo mphindi makumi awiri zoyamba sindivula munthu ngakhale ndolo. Mantha amabisala m'mapewa ndi m'manja. Ndinawauza atulutse mpweya pakamwa, mapewa atsike. Ndinakhala pansi ine kuwaonetsa: thupi cham'mbali pang'ono, kulemera kukhale pa ntchafu ya kutali ndi kamera, chibwano chibwere kutsogolo kenako chitsike pang'ono. Kuuza apongozi kuti tukulani chibwano ndi chinthu chimene palibe namkungwi anandikonzekeretsa. Anatsanzira zonse molondola, koma nkhope inali ya munthu amene akudikira jakisoni.

Ndinawapatsa chitenje cha nkhanga chija kuti manja apeze chogwira. Ndinafunsa nyimbo, anati za magitala zakale zimene ankavina ali ku sekondale, ndinazipeza pa kasipika ka m'chipindamo n'kutsitsa mawu. Kenako ndinafunsa funso limene limagwira ntchito kuposa getsi lililonse.

"A Edmond munakumana nawo kuti?"

"Zikukhudza chiyani zithunzi?"

"Maso amasintha munthu akamanena za munthu wake. Musayang'ane ine, yang'anani pazenera."

Anatembenukira pazenera. Ndinati mumtima, akupeka bodza. Kenako anayamba: basi yochokera ku Ntcheu kupita ku Blantyre, iwo ali ndi thumba la mbatata ya kachewere ya ku Tsangano, mnyamata wina wowonda wovala tayi anati ndikunyamulireni. Atatsika pa Wenela anasenza thumba monyada, thumba linang'ambika kunsi, mbatata zinagubuduka mpaka pansi pa mabasi. Mnyamata uja anathera ola lathunthu akukwawa ndi tayi yake, akutola imodziimodzi.

"Anabweza zonse kupatula zitatu, mpaka lero amati ali nazo ngongole kwa amayi anga."

Anaseka, dzanja linapita lokha pakhosi, ndipo ndinajambula. Ndinawatembenuzira kamera kuti aone kumbuyo kwake, chifukwa munthu ayenera kuona chithunzi chabwino chimodzi msanga, apo ayi amangoganizira zoipa. Anavala magalasi, anayang'ana, anavula magalasi.

"Mwakonza ndi kompyuta."

"Kompyuta ili uko, yozima."

Anayang'ananso. Ine ndinkayang'ana iwo, ndikudzifunsa kuti mayi ameneyu waphunzira kuti zisudzo. Mpaka pamenepo ndinali ndisanasinthe maganizo. Anamasula mabatani awiri, ndinajambula. Anachotsa duku, tsitsi lawo linali lalifupi, lofewa, la imvi zambiri kuposa mmene ndinkaganizira. Ndinajambula, ndipo mumtima ndinkawerenga: ichi ndi changa, ichinso ndi changa.

Kenako anatsegula chikwama cham'manja chija n'kutulutsa kachitini ka mafuta odzola kakale. M'kati munali mikanda ya m'chiuno, zingwe zisanu, ina itasuluka.

"Ndinapatsidwa pa chilangizo changa, 1995," anatero. "Mzungu ndikanamufotokozera bwanji kuti izi si za m'khosi?"

Mikanda ya mzimayi wapabanja saiona wina aliyense koma mwamuna wake. Palibe msampha umene munthu amatchera ndi mikanda yake.

"Tembenukani kaye," anatero.

Ndinatembenukira kukhoma. Ndinamva nsalu, ndinamva mikanda ikulira pang'onopang'ono, kenako ndinamva chinthu cholemera, chofewa, chikuikidwa patebulo. Ine ndine namwino, phokoso limenelo ndimalidziwa.

"Chabwino."

Anakhala m'mphepete mwa bedi, chitenje cha nkhanga chili m'chiuno, mikanda pamwamba pake. Kumanzere kwa chifuwa kunalibe bere. Kunali chipsera chachitali chopita kukhwapa, chopola bwino, cha zaka ngati ziwiri. Bere la pulasitiki linali patebulo pafupi ndi kapu yanga ya tiyi.

Ndinakumbukira chaka chimene tinkauzidwa kuti Mayi Kamwendo apumule kaye za tchalitchi chifukwa BP yakwera. Tinawatumizira makhadi, ena zipatso. Anabwerera atavala maduku okongola, tinkayamikira maduku.

"Khansa," anatero. "Akudziwa ndi a Edmond ndi dokotala. Ndi inu tsopano. Ngakhale mng'ono wanga ku Ntcheu sadziwa."

"Pepani, amayi."

"Sindinabwere kudzapepesedwa. A Edmond anandidraivira ku kemo, kolandira mankhwala a khansa, ulendo uliwonse, anandisambitsa mapazi, anaphunzira kuphika phala. Koma apa sanaonepo. Si iwo, ndi ine. Ndimasinthira kubafa, ndimakiya. Iwo amagogoda pachitseko ngati mlendo m'nyumba mwawo momwe, kufunsa ngati ndili bwino. Zaka ziwiri." Anayang'ana pazenera. "Mwezi wa mawa tikwanitsa zaka sate. Ndinaganiza kuti mwina ndikadziona kaye ndi maso a munthu wina, ndingathe kutsegula chitseko chija."

"Nanga foni ija munadinadina, amayi?" Linangotuluka lokha funsolo.

"Ndimazimitsa lokeshoni. A Edmond amaona pamene ndili, amaopa kuti ndigwa panjira." Anandiyang'ana. "Ndinawerenga zimene munalemba pa webusayiti, zoti kakhadi ndi kamodzi, mwini wake amapita nako. Ndinawerenga kasanu. N'chimene chandiyendetsa mtunda wonsewu. Ndikanapita kwa wina ku South Bend komweko, koma onse amasunga zithunzi pa intaneti. Tiyeni, ndisanasinthe maganizo."

Ndikanatha kunena pomwepo. Ndikanatha kunamizira batire n'kukachotsa kakhadi kaja. Koma anali atakhala kale mmene ndinawaphunzitsira, chibwano patsogolo, mapewa pansi, ndipo ndinadziwa kuti ndikangowasiya mphindi imodzi afunda nsalu osavulanso. Kunena zoona, ndinachitanso mantha. Ndinakweza kamera.

Ndinagwira ntchito yabwino kuposa tsiku lina lililonse, ndipo zimenezo sizichepetsa mlandu wanga. Sindinabise chipsera, sindinachiike patsogolonso. Ndinawatembenuza kuti kuwala kwa pazenera kubwere cham'mbali, kutsetsereke paphewa, pachipsera, mpaka pa mikanda. Ndinawapempha aike dzanja pamtima, osati mobisa koma ngati mmene munthu amagwirira mwana wogona. Analira kamodzi, ndinatsitsa kamera, anati jambulani, izinso ndi ine. Ndinawafunsa kuti a Edmond amawaitana dzina lanji akakhala awiri. Anakana kunena, koma nkhope imene anachita pokana ndi chithunzi chimene chinakhala tsamba loyamba. Ulendo uliwonse ndikadina, kagetsi kofiira ka kumbuyo kwa kamera kankathwanima nthawi yaitaliko kuposa masiku onse, chifukwa kankalemba kawiri. Ndine ndekha ndinkaona.

Atapita kukavala, ndinatsegula kamera n'kutulutsa kakhadi kachiwiri kaja, ndinakaponya m'thumba la jinzi. Zinatenga masekondi atatu. Atatuluka tinasankha zithunzi khumi ndi ziwiri, ndinasindikiza, ndinaziika m'kabuku kachikopa chakuda, ndinafufuta zonse m'kompyuta iwo akuona. Anatsegula okha kamera, anapezamo kakhadi kamodzi monga mwa lamulo, anakaika m'kachitini ka mikanda. Zonse zinayenda bwino. Ndikanatha kudikira atsike masitepe n'kukathyola kanga kaja ndi pulayala, palibe akanadziwa mpaka kumanda.

Koma ndikuwavalitsa chijasi ndinamva mawu ena m'mutu mwanga, odekha bwino, akuti usathyole lero, sunga kaye mpaka chinkhoswe chidutse, sudziwa za mawa. Mzimayi wandionetsa chimene sanaonetse mwamuna wake, ine ndikumukayikirabe. Ndinadzinyansa.

Pakhomo anatulutsa kiyi, anatsegula, kenako anatembenuka n'kundigwira manja onse awiri. A Theresa sagwira munthu manja.

"Kenan wasankha bwino," anatero.

Ndinagwadanso pamalo pomwe ndinagwada m'mawa paja. Ndinapisa m'thumba, ndinawapatsa ndi manja awiri.

"N'chiyani ichi?"

"Kakhadi kena, amayi. Kamera ili ndi malo awiri. Ndinakaika muli kosinthira. Ndimaganiza kuti mwabwera kudzanditchera, kuti mukaononge ukwati wanga ngati wa Yohane. Ndimafuna ndikhale ndi chokugwirirani."

Sanakuwe. Anayang'ana kanthu kaja m'dzanja mwawo.

"Kanali m'kati nthawi yonse?"

"Eya."

"Ndi pamene ndinati tembenukani paja?"

"Eya, amayi."

"Ndi pamene ndimakuuzani kuti ndinawerenga kasanu?"

Anatsegula chikwama, anaponyamo kakhadi, anatseka, ananyamula kasutikesi n'kutsika masitepe atagwira chitsulo cha m'mbali. Sanatsanzike. Ndinawaona pazenera atakhala m'galimoto nthawi yaitali, injini isanalizidwe.

Masabata atatu aja sindifunira munthu. Foni ya Kenan ikalira ndinkasiya kutafuna. Akati walankhula ndi amayi ku Ntcheu ndinkamuyang'ana pakamwa kuti ndione mawu asanatuluke. Kumuuza sindikanatha, chifukwa kunena tchimo langa kunali kuulula chipsera chawo. Ndinalemba meseji yopepesa, anaiwerenga, timizere tiwiri tinasanduka tabuluu, sanayankhe. Ndinayamba kuganiza kuti akudikira dala tsiku lenileni, anthu atasonkhana, kuti manyazi akhale okwanira. Kenako Lachitatu la sabata yomaliza Kenan anati, "Amayi aakulu akuti ufike Lachisanu masana, azimayi akufuna akulangize. Akuti ubwere wekha."

Ndinayendetsa ndekha njira yomwe ija, kudutsa Kokomo, minda ya chimanga ili mbee yopanda kanthu. Ndinanyamula diresi la chinkhoswe koma sindinalitsitse m'galimoto, kuti ndikabwezedwa ndisavutike kulongedza.

Pakhomo ndinakumana ndi a Edmond akutuluka, popeza amuna onse anathamangitsidwa tsiku limenelo. Anandipatsa moni ndi manja awiri, anandigwira nthawi yaitali, sananene china kupatula kufunsa za msewu. Ndinati mumtima, akundimvera chisoni, akudziwa chimene chikundidikira. Pansi pa nyumba m'besimenti azimayi anali atayamba kale kuimba ndi kuwomba m'manja, mazenera ataphimba ndi zitenje.

A Theresa anatulukira pa masitepe. "Bwera kuno kaye," anatero, n'kunditsogolera kuchipinda kwawo. Anatseka chitseko.

Ndinagwada pafupi ndi khomo, maso pansi, koma munthu wojambula maso ake samva lamulo. Chitseko cha bafa chinali chotsegula, ndipo diresi limene anavula linali pa bedi, osati kubafa. Pa katebulo ka mbali ya a Edmond, pakati pa Baibulo ndi botolo la mankhwala, panali kabuku kachikopa chakuda kaja, magalasi awo owerengera ali pamwamba pake.

"Imirira, kweza bulauzi."

Anatulutsa mikanda yatsopano, zingwe zitatu, anandizunguliza m'chiuno. Anamanga mfundo mwamphamvu moti ndinabanika.

"Zawawa?"

"Pang'ono, amayi."

"Zili bwino." Anayesa mfundo ndi chala. "Ndinafika pa Kokomo tsiku lija nditaganiza kale zoti ndiimbire ku Ntcheu. Ndinaima pa filingi siteshoni, foni ili m'manja. Ndiye ndinadzifunsa kuti ndikanena kuti chiyani? Kuti mtsikanayu anandiopa? Anakuphunzitsa kundiopa ndani?" Anatsitsa bulauzi yanga okha, anaikonza. "Usaganize kuti zatha. Zimene unachita zinandipweteka kuposa mpeni wa dokotala, chifukwa kuja anandigoneka kaye."

"Pepani, amayi."

"Tambasula dzanja."

Anaikapo kakhadi kaja. Ndinakadziwa ndi kachizindikiro kofiira kamene ndimalemba pa makhadi a ku maukwati.

"Amayi, sindikukafuna."

"Sindinakufunse. Sindinadilite kanthu, zonse zilimo, ndi zija ndimalira zija. Umafuna chondigwirira, ndi chimenecho, ndakupatsa ndekha masana dzuwa likuwala. Uzisunga iwe. Za Tiffany ndasunga ine."

Anapinda zala zanga ndi dzanja lawo mpaka kakhadi kanandilasa m'chikhatho.

"Nanga za mawa, amayi?"

"Mawa teni koloko. Diresi wasiya m'galimoto likwinyika, ukalitsitse." Anatsegula chitseko, nyimbo za m'besimenti zinalowa. "Pukuta maso, akaganiza kuti ndayamba kale kukuzunza."

Kakhadi kaja kali m'kachitini pamodzi ndi mikanda yanga, pansi pa zovala. Sindinakalowetsepo m'kamera kapena m'kompyuta. Kenan anakapeza tsiku lina akufuna masokosi, anafunsa kuti muli ukwati wa ndani. Ndinamulanda n'kumuuza kuti ndi za amayi, asadzakagwirenso.